Ku Lusaka 10 koloko inali 10 koloko, ku Lilongwe tinadikira mlendo wolemekezeka

Ndadziletsa kulemba nkhaniyi kwa masabata awiri athunthu poopa kuti mkwiyo ungandiyankhulitse zonyoza anyamata ndi atsikana amene anakhetsa thukuta kukonza chionetsero cha anime (makatuni a ku Japan) ndi magemu ku Lilongwe, chinthu chimene ambiri mwa ife odandaulafe sitinayesepo n'komwe kuchikonza. Mtima wakhala pansi tsopano, koma zimene ndinaona sizinasinthe. Anzathu a ku Zambia akamakonza mwambo wotere amaganizira munthu amene wagula tikiti pakhomo, pamene ife timaganizira munthu amene sanagule tikiti, amene amafika nthawi imene wafuna pa galimoto ya kuntchito n'kukakhala pampando wofewa kutsogolo.

Ndimakhala kuno ku Salima, ndipo ndine wa m'badwo umene unakulira m'mavidiyo shoo a pa Kamuzu Road, tikumapanikizana pamabenchi mumdima kuonera mafilimu a karate. Makatuni a ku Japan anatipeza pambuyo pake, poyamba pa ma CD, kenako pa mafulashi amene tinkabwerekana ngati mchere. Lero ndili ndi banja, komabe padi yosewerera magemu a PlayStation sindinaitaye, ndipo matendawa ndinapatsira mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa Fomu 3 amene amajambula anthu a maso akuluakulu kumapeto kwa kope lililonse la kusukulu. Mayi ake amati ndinamuwononga ndine, ndipo sinditsutsa.

Miyezi ingapo yapitayo ndinapita ku Lusaka kukaona msuweni wanga amene anakhazikika ku Chilenje. Njira yake mukuidziwa: Salima mpaka Lilongwe, Lilongwe mpaka Mchinji, kudinditsa pasipoti m'nyumba imodzi ija ya pa Mwami imene atsogoleri a mayiko awiriwa anatsegulira mu Disembala 2022, kenako makilomita oposa 500 kuchoka ku Chipata kudutsa Katete, Petauke, Nyimba ndi mlatho wa Luangwa, mpaka msana utauma. Sindinapitire chionetsero ayi. Ana a msuweni wangayo ndi amene anandiuza Lachisanu madzulo kuti mawa lake kuli msonkhano wa okonda anime ndi magemu, ndipo ndinawatsatira pofuna kungotha tsiku.

Chinthu choyamba chimene ndinaona pakhomo chinali pepala lalikulu lomatidwa pakhoma, lolembedwa ndondomeko ya tsiku lonse. Anthu a ku Zambia amawerenga nthawi monga asilikali, maola 24, kotero panalembedwa 10:00, 12:30, 14:00, 16:30, ndipo pambali pa ola lililonse panali chochitika chake ndi chipinda chake. Ndinaseka chamumtima, chifukwa mapepala otere ndawaona pa maukwati ambiri kwathu kuno ndipo ndikudziwa kuti amakhala okongoletsa khoma. Mzere unali wautali koma unkayenda, pakuti anaugawa pawiri, wina wa amene analipiriratu pa foni ndi wina wa olipira pomwepo. Mtsikana wina wovala tisheti ya odzipereka anandimanga kachingwe ka pepala pamkono, ndipo nditamufunsa mwanthabwala ngati mpikisano wa gemu yomenyana ya Tekken uyambedi nthawi yolembedwayo, anandiyang'ana modabwa n'kuyankha m'Chinyanja chawo chija kuti, "Ba mudala, apa 10 ni 10."

Nthawi itakwana, mnyamata wina anatenga chokuzira mawu, napereka moni wa mawu osakwana makumi awiri, n'kuitana mayina awiri oyamba. Mmodzi mwa oitanidwawo sanaoneke. Anamuitana katatu, anadikira mphindi zisanu zimene zinalembedwa m'malamulo a mpikisano, kenako anamudula, mnzakeyo n'kupitirira. Wochedwayo anatulukira patapita kanthawi ali wefuwefu, akunena za kuchuluka kwa magalimoto pamsewu, ndipo palibe amene anamukalipira, komanso palibe amene anamubwezeramo. Ine ndinaima pamenepo kukamwa kuli yasa. Panalibe tebulo la akuluakulu lokutidwa nsalu yoyera, panalibe maluwa a pulasitiki, panalibe woyendetsa mwambo wopempha kuti tidekhe pang'ono chifukwa alendo athu ali m'njira. Kampani zimene zinathandiza ndi ndalama zinali ndi mayina awo pa zikwangwani ndi matebulo awo m'mbali mwa holo, ndipo zinakhutira ndi zimenezo.

Wina asanene kuti zinatheka chifukwa ku Zambia zinthu zili bwino. Amene ali ndi abale kumeneko akudziwa kuti m'chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, magetsi ankazima maola 17 pa tsiku kapena kuposerapo, moti ife amene tinalira Kapichira itawonongeka ndi namondwe Ana mu 2022 tinayamba kuwamvera chisoni. Ngakhale tsiku la chionetserolo magetsi anathima masana, holo yonse n'kufuula pamodzi monga timachitira kuno mpira ukadukira pakati. Koma jenereta inali itayesedwa kale m'mawa, munthu woiyang'anira anali pafupi nayo, ndipo masikirini anayakanso anthu asanamalize kuseka. Masewero amene anadukawo anawayambitsanso, ndipo mpikisano wa cosplay, wovala ngati anthu a m'makatuni ndi m'magemu, unayamba 16:30 monga pepala lija linanenera. Pofika 6 koloko madzulo tinali m'minibasi kubwerera ku Chilenje, ana aja akukangana za amene anayenera kupambana.

Nditabwerako ndinalakwitsa chinthu chimodzi: ndinafotokozera mwana wa mlongo wanga zonsezi mokometsera, ndipo titamva kuti ku Lilongwe kuchitikanso chionetsero chotere, chimene akuti chikukula chaka ndi chaka, mnyamatayo sanagonenso tulo. Anatha mwezi wathunthu akukonza chovala cha msilikali wa lupanga wa mu anime imene amaikonda. Jekete anaipeza pa kaunjika mumsika, telala wina wa pakhonde anaidula n'kuisokanso motsatira chithunzi cha pafoni uku akupukusa mutu, zoteteza mapewa anazipanga ndi makatoni a sopo ndi siponji ya matiresi akale, ndipo lupanga analisema yekha ku thabwa la paini n'kulipaka penti wa siliva. Chovalacho chinali chokongola kuposa zambiri zimene ndinaona ku Lusaka, ndipo sindikunena chifukwa choti ndi mwana wathu.

Chikalata cholengeza mwambowo, chimene chinkazungulira pa WhatsApp, chinati zitseko zitsegulidwa 9 koloko, magemu ayamba 10 koloko, ndipo cosplay ichitika 2 koloko masana. Ndinawerengera bwinobwino. Kuchoka kuno kukafika ku Lilongwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100, koma minibasi sinyamuka isanadzaze, imaima pa Mvera, imaima pa Chezi, imaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, choncho tinadzuka kusanache n'kukwera yoyamba, chovala chili m'thumba la shangani pamiyendo, lupanga litakulungidwa m'chitenje kuti apolisi a pamsewu asatifunse zambiri. Tinafika pamalopo 9 koloko isanakwane. Geti linali lotseka, ndipo mkati anthu anali akutsitsa mipando pa lole.

Anatilowetsa cha m'ma 11 koloko, titawauka ndi dzuwa pamzere umodzi wosayenda, chifukwa munthu mmodzi yemweyo ndiye ankalandira ndalama, kufufuza mauthenga a amene analipira pa foni, kusaka chenji ndiponso kudinda anthu pamkono. Zimenezi ndikanazikhululukira. Chimene sindikhululukira ndi chimene chinatsatira. Masikirini anali atalumikizidwa, mapadi ali patebulo, osewera atalembetsa mayina, koma woyendetsa mwambo analengeza kuti palibe chiyambe kufikira mlendo wolemekezeka atatsegulira mwambowo. Kutsogolo kunali tebulo lija ndinalisowa ku Lusaka, nsalu yoyera, mabotolo a madzi, mipando isanu yopanda anthu. Achinyamata mazanamazana, ena atavala mawigi ndi majekete okhuthala m'holo yotentha, penti wa kumaso akusungunuka, anakhala akuyang'ana mipando isanu imeneyo kwa maola awiri.

Bwanayo anafika 1 koloko itadutsa. Panali pemphero, limene sindidandaula nalo. Kenako anayankhula wapampando wa komiti, amene anayamba ndi kupereka ulemu kwa aliyense wokhala kutsogolo potchula udindo wake wonse. Anayankhula woimira achinyamata, amene anabwereza ulemu womwewo. Anayankhula wina amene ntchito yake inali kuitana amene adzaitane mlendo wolemekezeka. Mlendoyo ataimirira anawerenga masamba anayi onena za kufunika kwa luso la makono pa chitukuko cha dziko, ndipo pakati pake anavomereza moseka kuti iye zidole za anazi sazidziwa. Anajambulitsa atagwira padi chadodolido, anazungulira matebulo atatu, n'kukwera galimoto yake. Magemu anayamba 3 koloko itatsala pang'ono. Popeza nthawi inali itatha, masewero amene anayenera kukhala atatu anawadula n'kukhala amodzi, ndipo analengeza kuti cosplay ichitika madzulo, oimba akamaliza.

Cha m'ma 5 koloko ndinayang'ana dzuwa n'kuyang'ana mnyamata uja. Aliyense wa kuno akudziwa kuti kukada minibasi za ku Salima zimasowa, zotsalazo zimakweza mtengo, ndipo kutsetsereka zitunda za ku Mvera usiku pa galimoto yodzaza si chinthu chimene munthu ungachitire mwana wa mlongo wako mwadala. Ndalama yogonera ku Lilongwe ndinalibe, chifukwa ndinakhulupirira chikalata chija. Ndinamuuza kuti tizipita. Iye anati, "Amalume, tidikireko pang'ono, mwina aitana tsopano." Tinadikira theka la ola, pabwalo pali woimba wachiwiri mwa anayi. Kenako anavula yekha zoteteza mapewa zija, n'kuzipinda bwinobwino m'thumba, osanena kanthu mpaka tinadutsa Kanengo. Mwezi wathunthu wa ntchito, ndipo oweruza sanachione n'komwe chovalacho.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Kuchedwa kwa mwambo sikupweteka anthu onse mofanana. Mwana wa ku Area 47 kapena ku Area 10 mwambo ukachedwa amangoimbira foni kunyumba kuti adzamutenge 9 koloko usiku. Amene amalipira kuchedwako ndi wochokera ku Salima, ku Nkhotakota, ku Dowa, ku Ntchisi, ndi wa ku Mtandire ndi Chinsapo yemwe amene ayenera kupeza kabaza kusanade, ndiponso atsikana amene makolo awo anawalola kupita pokhapokha atalonjeza kubwerako dzuwa lisanalowe. Okonza mwambowo amanyadira kuti chiwerengero cha anthu chikukwera, ndipo n'zoona, koma chikukwera chifukwa cha anthu akutali omwewa, amene kale ankangoonera zithunzi pa Facebook. Chionetsero chikadali cha anthu makumi asanu odziwana, kuyamba mochedwa kunali nthabwala ya pachibale. Chikafika pa mazana, ndondomeko yolembedwa imasanduka pangano limene munthu amawerengerapo ndalama ya ulendo wake. Anzathu aja anazindikira zimenezi, ndipo ife tikuyendetsabe khamu la anthu ngati phwando la kubadwa la mnzathu.

Ndivomereze tsopano zimene ndiyenera kuvomereza, kuti a ku Chipata amene awerenge izi asatukumuke kwambiri. Ku Lusaka zinthu n'zodula, ndipo mbali yaikulu ya matebulo ogulitsa inali ya katundu woitanitsa kunja, tizidole ta pulasitiki, zikwangwani zosindikizidwa ndi mawigi a m'mapaketi, zinthu zimene ungazipeze kulikonse padziko lapansi. Ovala cosplay ambiri kumeneko anachita kugula zovala zawo zathunthu, moti anthu atatu ankaoneka ngati atuluka m'katoni imodzi. Kwathu kuno, kumene ndalama zakunja zikusowa ndipo kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kuitanitsa wigi pa intaneti ndi nkhani ya ana a anthu ochepa, choncho ana athu amapanga okha. Ndinaona mtsikana amene analuka wigi yake ndi ulusi wa juzi, mnyamata amene anapanga mapiko ndi waya ndi matumba a feteleza, ndi wina amene anasoka chovala cha ku Japan ndi chitenje, chinthu chimene sindinachione kutsidya. Ojambula athu nawonso anali ndi zithunzi zawozawo, za ankhondo okwera kabaza ndi mizimu ya m'nyanja, ndipo ankacheza ndi aliyense woima patebulo pawo ngakhale asagule. Ku Lusaka anthu ndi achangu koma ouma pang'ono. Ukayankhula amakuseka kuti Chinyanja chako n'cha m'Baibulo. Kuno mayi wina wogulitsa mandasi panja anapatsa mwana wathu madzi akumwa ulere ataona mmene anatopera. Pa luso la manja ndi pa umunthu sitinagonje.

Koma kuvomereza kumeneku ndi kumene kumandiwawitsa mtima kwambiri, chifukwa zikusonyeza kuti chimene tinasowa si ndalama. Kusunga nthawi sikufuna madola. Kugawa mzere pawiri kumafuna tebulo lachiwiri ndi munthu wachiwiri basi. Ngati kampani yothandiza ikufuna kuti bwana wake ayankhule, ayankhule nthawi ya nkhomaliro, mphindi zisanu, magemu ali mkati, ndipo ndikukhulupirira kuti iye mwini angasangalale kuona holo yaphokoso kusiyana ndi nkhope zotopa zomuyang'ana ngati wadya ndiwo za ana. Ndiponso sitinganene kuti Amalawi sitidziwa kusonkhanitsa anthu. Kuno kunyanja talandirapo Sand Music Festival ku Senga Bay kangapo, Lake of Stars inachitikira ku Salima mu 2018 ndi ku Nkhotakota mu 2024, ndipo alendo ochokera kutali anabwera n'kubwerera. Vuto ndi mwambo wathu wa m'maofesi, uja wa misonkhano ya m'mahotela, umene timaunyamula n'kukauika ngakhale pa masewero a ana, ngati kuti chinthu sichinachitike pokhapokha munthu wa taye atachidalitsa.

Pali kanthu kena kamene anzathuwo anatiposa, kakang'ono koma kofunika. Pakhomo pawo panalembedwa kuti usajambule kapena kukhudza munthu wovala cosplay usanamupemphe, ndipo odzipereka aja ankakumbutsa anthu mwaulemu. Ku Lilongwe ndinaona anyamata akukoka wigi ya mtsikana wina kuti aone ngati ndi tsitsi lenileni, ena akumujambula chozemba, ndipo panalibe woti akadandaulireko. Panja pa geti anthu odutsa ankaloza ana ovala zophimba kumaso n'kumafuula kuti kwatuluka zilombo. Ndinaseka, koma ndinaganizanso kuti ife Achewa, a kuno, a ku Zambia ndi a ku Mozambique, amene Gule Wamkulu wathu analemekezedwa ndi UNESCO mu 2005 ndipo timakumana ku Mkaika ku Katete chaka chilichonse pa Kulamba, ndife anthu oyenera kudziwa kuposa wina aliyense kuti wovala chigoba sakhudzidwa mwachisawawa. Sindikufanizira zinthu ziwirizi, pakuti china ndi mwambo wa makolo wokhala ndi zinsinsi zake ndipo china ndi masewera, koma ulemu wopatsa mpata munthu amene wavala ndi womwewo, ndipo tinali nawo kale anthu a ku Japan asanatitumizire makatuni.

Ena mundiuza za ku Johannesburg, kumene Comic Con Africa, chionetsero chachikulu cha mtundu womwewu, inayamba mu 2018 ku Kyalami ndipo imakoka anthu zikwizikwi pamodzi ndi akatswiri a mafilimu ochokera ku America. Kumeneko ndi kwina, ndalama zake ndi zina, ndipo kudziyerekeza nawo n'kungodzipweteka mtima. Ndasankha Zambia chifukwa ndi anzathu enieni: ndalama yawo ndi kwacha ngati yathu, amadya nsima ngati ife, kaunjika wathu iwo amati salaula, ndipo magetsi amawavuta monga amativutira. N'zoona kuti ali patsogolo pang'ono pa makatuni, poti Supa Team 4, imene Malenga Mulendema anayambitsa ndipo nkhani yake imachitikira mu Lusaka, inaonetsedwa pa Netflix mu 2023, ndipo mwana wa kumeneko akamajambula amadziwa kuti wina wa kwawo anafikapo patali. Koma si Netflix imene inauza mnyamata wa chokuzira mawu uja kuti aitane mayina 10 koloko.

Tinafika kuno usiku, titasinthitsidwa minibasi pa Chezi chifukwa yoyambayo inaona kuti anthu achepa. Mlongo wanga anali pakhonde ndi tochi, ndipo mawu amene anandiuza sindiwalemba pano. Mawa lake zithunzi za opambana cosplay zinatuluka pa Facebook, zojambulidwa usiku, oimirira pabwalo ali asanu ndi mmodzi okha mwa anthu oposa makumi awiri amene ndinawawerenga masana atavala. Chovala chija chapachikidwa pa msomali kuchipinda kwa mnyamatayo, lupanga lili kuseri kwa chitseko. Sabata yatha anabwera kunyumba kwanga madzulo, anakhala pa mkeka nthawi yaitali akusewera ndi padi yosalumikiza, kenako anafunsa kuti, "Amalume, kodi pasipoti amapangitsa ndalama zingati, nanga basi ya ku Lusaka imanyamuka nthawi yanji?"